Madzi Othowera Miyendo ya Yamikani

Azakhali anga a Nasibeko a ku Lirangwe anatiuza izi ife atsikana tikutong'ola chimanga pakhonde, ndipo ndikuzilemba monga anazinenera.

"Kale, njinga za kabaza zisanadzaze msewuwu, mwana akachitidwa opaleshoni munkadziwira kulira. Bambo ake a mdzukulu wanga Yamikani atang'ambidwa chotupa cha m'mphechepeche ali wamng'ono, analira masiku atatu, ndipo tinkasinthana kumugwira manja mpaka mawu anamuthera. Ife tinakula tikudziwa kuti mwana wolira ndiye wamoyo.

"Tsono chaka chatha mdzukulu wangayo, wa zaka zinayi, anachitidwa opaleshoni yomweyo m'tauni. Ine ndinali kukhitchini ya odikirira odwala, koma pobwera m'wodi ndinapeza mwana ali maso, phee, akupempha sobo. Ana inu, mtima unandigwa. Ndinamutsina chala chakuphazi, iye osatembenuka. Ndinamutsinanso pantchafu, akungondiyang'ana. Ndinati basi, amupundula mwana.

"Mayi ake anali atapita kukatenga mankhwala, ndipo sindinafunse munthu. Kwathu mwendo ukauma timauthowa, choncho ndinathamanga kukatenga madzi amene anali pamoto, ndinaviika mpango ndi mphanda ya nkhuni poti ndi manja sakanagwirika, ndipo ndinali nditakweza kale kansalu kamene anafunda. Nesi anandigwira mkono.

"Anati, 'Agogo, pisanimo chala chanu kaye.'

"Ndinapisa, ndipo khungu linayera pomwepo. Nesiyo sanakalipe. Anandiuza kuti mwana ali mtulo anamubaya jakisoni kumunsi kwa msana wochititsa dzanzi kuyambira m'chiuno kutsika, kuti asamve bala akadzuka. Kuti mayi ake anafotokozeredwa zonse. Ndipo kuti ndikanamuika mpangowo, akanapsa mpaka mnofu osalira n'komwe. Ndinakhala pansi pasimenti.

"Dzuwa litapendeka, mwana anayamba kugwedeza zala, ndipo nesi anali atamumwetsa kale mankhwala ena ululu usanafike."

Apa azakhali anasiya chitsononkho. Ine mumtima ndinathokoza Mulungu chifukwa cha nesi amene dzina lake sitikulidziwa.

Kenaka azakhali anati, "Inu mudzapita ndi ana anu kumeneko. Mukadzaona chachilendo pathupi la mwana, manja anu adikire, muyambe mwaitana nesi. Chikondi changa chomwechi chikanamuwotcha Yamikani."