Munkoyo wa Apongozi Anga

Moni nonse okondedwa mwa Ambuye amene mumawerenga zimene ndimalemba pano. Ine ndine mayi wa ana awiri, mlimi wa tomato kuno ku Bundabunda. Lero ndikuchitira umboni za tsiku limene ndinatsala pang'ono kufa pamodzi ndi mwana m'mimba, chifukwa cha mizu imene anandimwetsa anthu a pakhomo panga pomwe, ine osadziwa.

Mwana wanga woyamba, Yosefe, anabadwa ndi opaleshoni. Nditatenga pakati pena, anamwino anandichenjeza kuti chiberekero changa chili ndi chipsera, choncho ndikaberekere kuchipatala ndipo ndisamwe chilichonse chofulumizitsa kubereka. Mawu amenewa ndinawafotokozera amuna anga, a Lazalo, ndi mayi awo. Onse anagwedeza mitu ngati amva.

Sabata zomaliza, apongozi anayamba kundiphikira munkoyo, chakumwa chathu chija cha phala ndi mizu yotsekemeretsa. Ankabwera nawo m'mawa uliwonse m'kachigubu kangakanga. Ine ndiye kudzitama kumpingo, n'kumati ena amalira ndi apongozi, ine ndinatola mayi. Sindinadziwe kuti n'chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Pali chinthu chimodzi chimene ndinachiona koma osachisamala. Kwathu kuno, wokupatsa chakumwa amayamba walawa yekha pamaso pako. Apongozi sanalawepo ngakhale tsiku limodzi. Ankangoti, "Uyu ni wanu chabe, amake Yosefe. Imwani, muli babili." Ine n'kumaseka, n'kumagugudiza.

Lachitatu lina munkoyo unali wowawa kukhosi. Ndinamwabe, poopa kukhumudwitsa munthu wamkulu, ndipo ndinapita kudimba. Dzuwa lisanafike pamutu mimba inandigwira. Sunali ululu uja wobwera n'kupita, unangomanga osamasula, ndipo pachipsera pankatentha ngati andiikapo khala. Ndinafika pakhomo chokwawa. Nditapempha kuti andithamangitsire kuchipatala, apongozi anayala mphasa m'nyumba n'kunena kuti, "Osavuta, yayamba kusebenza." Ndinawafunsa kuti chayamba kugwira ntchito n'chiyani. A Lazalo anaima pakhomo, maso ali pansi.

Amene Mulungu anamutuma ndi munthu woti sindikanamuganizira. Estere, mlongo wa a Lazalo, tinali titatha chaka osapatsana moni wabwino chifukwa mbuzi zake zinandidyera tomato. Iyeyo atamva kubuula kwanga anathamangira kumsewu n'kuimitsa kalole ka bambo wina wa ku Silverest amene anabwera kudzagula makala. Anandinyamula pamodzi ndi bamboyo, apongozi akumukalipira Estereyo, ndipo potuluka anatola kachigubu kaja.

Kuchipatala, ndili pamachila, ndinamva Estere akuuza namwino. "Ba sisita, aba banamwa mizu mu munkoyo, beve sibaziba. Ba Lazalo bali na mukazi wina ku Chongwe. Ba mayi banayopa nchila."

Nchila ndi chikhulupiriro chakuti mwamuna akayenda ndi mkazi wina pamene mkazi wake ali ndi pakati, mwana amapingasa pobadwa. Ndiye kuti amuna anga anakaulula kwa mayi awo, ndipo awiriwo anapangana kuti andimwetse mizu mwachinsinsi, mwana atuluke msanga, nkhani isamveke. Ankadziwa za chipsera changa. Ndinawauza ndekha ndi pakamwa panga.

Abale, mimba inkapweteka, koma mawu amenewo anandipweteka kuposa. Ndinakumbukira m'mawa uliwonse umene ndinagwada polandira chigubu, n'kunena zikomo. Ndinakumbukira a Lazalo akundifunsa mokoma ngati ndamaliza munkoyo wa amayi. Anaona kuti n'kwabwino kuika moyo wanga pangozi kusiyana n'kuti iwo achite manyazi. Akundilowetsa kochitira opaleshoni, pemphero langa linali lalifupi. Ndinati, Ambuye, ine ndiye andipusitsa kale, koma mwanayu sanalakwire munthu, mutulutseni wamoyo.

Ndipo Mulungu anamva. Nditatsitsimuka, pambali panga panali kamtsikana kakuyamwa chala. Adokotala anandiuza kuti chipsera chinali chitayamba kung'ambika, ndipo zimene ananena Estere ndi zimene zinawachititsa kuti asadikire. Magazi anakana kusiya, choncho chiberekero anachichotsa. Sindidzaberekanso. Ndinalira, ndipo mpaka lero ndimalira ndikaona anzanga ali ndi pakati.

Ine mwaukali ndinati mitengo yonse ndi ya Satana. Adokotala aja anandikonza. Anati mapiritsi ambiri, ngakhale ena a malungo, anachokera ku zomera, koma amayezedwa mphamvu yake ndipo wodwala amauzidwa chimene akumwa. Muzu umene ndinamwa umafinya chiberekero, ndipo wothira ndi dzanja sadziwa pamene wapyola muyezo. Ndinadzaona ndekha kuti sananame. Nditatuluka ndinali wofooka, ndipo pamodzi ndi mapiritsi owonjezera magazi, anamwino anandilimbikitsa kudya masamba. Estere ankandiphikira bonongwe, chammwamba ndi kalembula, masamba a mbatata aja, mpaka mphamvu zinabwerera. Dothi lomwelo limene linabala muzu wondipweteka ndi limene linabala ndiwo zondidzutsa.

Apongozi anabwera kudzaona mdzukulu. Anati, "Tenze kufuna kukuthandizani." A Lazalo anati anaopa kundiuza. Ndinangotembenukira kwa mwana wanga, chifukwa chimene chikanatuluka pakamwa panga sichikanakhala cha Mkhristu. Pano ndikukhala kwa makolo anga, akuluakulu a mpingo akukambabe nkhani yathu. Sindikunamizani kuti ndinakhululuka zonse. Ndimapempha Mulungu tsiku lililonse kuti andithandize, ndipo masiku ena zimatheka, masiku ena ayi.

Koma ndikuthokoza Ambuye amene anatsegula pakamwa pa munthu amene ndinkamuyesa mdani. Wakutsina khutu ndiye mnansi. Inu amene mukudutsa m'chigwa, makamaka ngati okupwetekani ndi anthu odya nawo mbale imodzi, musaleke kupemphera, thandizo limabwera ndi nkhope imene simukuiyembekezera. Amayi anzanga oyembekezera, funsani chimene mukumwa, ngakhale wokupatsaniyo akhale wamkulu chotani.

Mwana uja ndinamutcha Estere. Azakhali ake amabwerabe Loweruka lililonse ndi kampoto ka ndiwo, ndipo dzulo anabweretsa munkoyo, koyamba chichitikire zija. Anathira m'kapu, anamwa theka ine ndikuona, n'kundipatsa wotsalawo. Ndinamwa, abale. Ulemerero upite kwa Mulungu. Ameni.