Foni imene sindinawasiyire amayi

Moni aulutsi ndi omvera nonse. Ndine mayi woyala mabedi pa hotela ina kuno ku Doha.

Foni yanga yoyamba ndinaitenga pa kontirakiti, n'kumalipira mwezi ndi mwezi mpaka inakhala yangayanga. Inali ndi mng'alu pakona, chifukwa inandipulumuka ndikuthamangira sitima ya metro ku Bin Mahmoud. Nditapita kutchuthi kwathu ku Ntcheu, ndinawasiyira bambo anga, omwe pano ndi malemu. Ankaikulunga m'kansalu, n'kumaonetsa anzawo kutchalitchi: "Mng'aluwu ndi wa mwana wanga, pothamangira ntchito."

Nditabwerera, anzanga a ku Al Thumama anandikopa kuti nditenge foni ya lendi. Chaka chikatha umabweza, n'kukupatsa yatsopano. Ndinkanyada nayo, zithunzi zake kuwala ngati ndine bwana.

Chaka chatha ndinapitanso kumudzi. Foni ya bambo ija inali itafa. Tsiku lonyamuka, amayi anatambasula dzanja.

"Nanga iyo sundisiyira, mwanawe?"

"Amayi, si yanga. Ndiyenera kukabweza."

Anabweza dzanja lawo pang'onopang'ono, n'kulibisa m'chitenje. "Zaka zonsezi, wagwira cha eni ake?"

Ulendo wonse wa m'ndege ndinkangoona dzanja lija.

Omvera anzanga, ya lendi ndi yokongola, sindikukana. Koma kwa ife a kunja, foni sikalambira m'thumba mwathu, imakakalambira kumudzi. Ndabwerera ku kontirakiti kuti ulendo uno ndikawasiyire amayi foni yangayanga. Ya mng'alu ija siyakanso, koma amayi akuisungabe m'kansalu ka bambo.