Mayi Amene Anaphunzitsa Makina Kumva Mapapo

Malemu achemwali athu, amene atisonkhanitsa pano lero, anabadwa pa 9 Ogasiti 1966, mwana wachitatu m'banja la ana asanu ndi mmodzi. Ine ndikuyankhulane ndine mlongo wawo wopondana nawo. Bambo athu ankakonza mawailesi m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba, mayi athu ankasoka zovala. Malemu sanatengere singano ayi. Ankangokhalira pansi pa tebulo la bambo, kuchotsa maginito m'masipika akufa n'kumatolera nawo mapini a mayi. Dzina loti Namaginito, limene ambiri mumawadziwa nalo, linayambira pamenepo, ndipo akula nalo osadandaula.

Anayamba sukulu ya pulayimale mu 1973, nasankhidwa kupita ku sekondale mu 1981. Mu 1985 analowa yunivesite kukaphunzira sayansi ya fizikisi, mtsikana yekhayekha m'kalasi lonse. Ife kunyumba tinkangomva kuti akuphunzira zinthu zosaoneka ndi maso, ndiye tinkawaseka kuti ntchito yake adzaipeza kuti. Anatitseka pakamwa mu 1990, pamene chipatala chachikulu chinawalemba ntchito m'chipinda cha ekisire.

Pa 12 Okutobala 1991 anamanga banja ndi alamu athu akhala apawa, katswiri wophika m'hotela. Mulungu anawadalitsa ndi ana atatu.

Mu 2004 anatumizidwa kukaphunzira za makina ojambula m'kati mwa thupi pogwiritsa ntchito maginito, amene achipatala amawatchula kuti MRI. Mundilole ndifotokoze pang'ono mmene anatiphunzitsira, chifukwa ndikalakwitsa apa akhoza kudzuka. Makinawa amagogoda thupi ndi mafunde a wailesi, kenako n'kutchera khutu kuti amve mmene thupilo likuyankhira, ndipo yankho limenelo ndilo amapangira chithunzi. Ubongo ndi minofu zimayankha ngati belu, kulira kwake kumapitirira. Koma mafupa ndi mapapo zimayankha ngati thabwa, kamodzi n'kukhala chete, makina asanayambe n'komwe kumvetsera. N'chifukwa chake pachithunzi, pamalo a mapapo pankangooneka mdima.

Mu 2012 chipatala chawo chinalandira makina otere, koma aang'ono, a maginito ofooka. Anthu ankawatcha chidole. Malemu sankaseka nawo, popeza mtima wawo unali pa ana odwala m'chifuwa amene ankawaona akubwera kudzajambulidwa ekisire mobwerezabwereza. Ankadziwa bwino kuti cheza cha ekisire chikachulukana m'thupi la mwana chimasiya vuto, pamene makina a maginito alibe cheza chimenecho. Anatsimikiza mtima kuti anawo adzajambulidwa mapapo popanda kuwavulaza, ndipo kuti chidole chomwecho n'chimene chidzagwire ntchitoyo. Anali atawerenga kuti m'maginito ofooka yankho la mapapo limachedwako pang'ono kuzima. Chimene chinkafunika n'kuphunzitsa makinawo kutchera khutu nthawi yomweyo akangogogoda. Anzawo a m'maiko ena ankachita zimenezi pa makina akuluakulu. Iwo anafuna kuzichita pa makina amene anali nawo.

Kuyambira mu 2016 banja lonse linalowa nawo ntchitoyi, lofuna ndi losafuna lomwe. Ankagula mapapo a mbuzi ndi mawondo a ng'ombe kubutchala kuti aziyeserapo, n'kumasunga mufiriji ya kunyumba. Tsiku lina alamu athu, poona bondo labwino likungokhala, analiphika ndi luso lawo lonse. Malemu atafika anapeza kafukufuku wawo ali patebulo, akununkhira. Anakwiya zedi, koma amene analipo akuti anadya nawo, n'kuwonjezera kachiwiri. Kuchokera apo firijiyo inagawidwa pawiri, kumtunda kwa sayansi, kumunsi kwa banja.

Mu 2019 akuluakulu a chipatala anaganiza zochotsa makinawo kuti chipindacho achigwiritse ntchito ina. Malemu anapempha kuti awapatse mpata. Anauzidwa kuti makinawo akhalabe pokhapokha komiti yoteteza odwala itavomereza njira yawoyo, ndipo komitiyo inkafuna umboni wa zithunzi za munthu wamoyo, osati za mbuzi. Kupanda umboniwo, makina akanachoka ndipo ana akanabwerera ku ekisire.

Malemu anali ndi lamulo lawo limene sanaliphwanyepo: njira yatsopano iliyonse ankayamba aigonera okha m'makinamo wodwala asanalowemo. Choncho pa 18 Febuluwale 2021 anavula wotchi, nagona, anzawo n'kuwajambula. Pakompyuta panatuluka mapapo ooneka bwinobwino, koyamba m'chipinda chimenecho. Anzawo anaomba m'manja, ena kulumpha. Malemu atadzuka n'kuyang'ana chithunzicho anaona zimene enawo anali asanaone. Kumunsi kwa mapapo awo kunali zipsera. Madokotala atawayeza anatsimikiza kuti ndi matenda oumitsa mapapo pang'onopang'ono, amene alibe mankhwala ochiza. Kupuma kobanika kumene ankakumva pokwera masitepe, iwo n'kumati ndi kukula, kunali kuyamba kwa matendawo.

Tinalira ngati banja, ndipo tinawachonderera kuti asiye ntchito akapumule. Anatimvetsera mwaulemu mpaka tinamaliza, kenako anatiuza kuti komiti ikufuna munthu wodwala mapapo amene angamajambulidwe pamene matenda ake akusintha, ndipo munthuyo wapezeka. Analembetsa monga wodwala aliyense, madokotala awo atavomereza. Mwezi ndi mwezi ankagona m'makinamo, zithunzi zake n'kumayerekezedwa ndi za makina akuluakulu a kwina. Zinkagwirizana. Odwala ena akuluakulu, ataona kuti mwini ntchito akulowamo yekha, anadzipereka nawonso.

Pofika mu 2023 ankayenda ndi chibotolo cha okosijeni. Apa panabuka vuto, pakuti m'chipinda cha maginito simulowa chitsulo, ndipo chibotolocho n'chachitsulo. Ife tinasangalala chamumtima, kuti tsopano akhala pansi. Tinaiwala kuti tikunena za ndani. Anaitanitsa kapaipi katali ka pulasitiki, kuchokera kukhonde mpaka pamphuno pawo. Alamu athu ndi amene ankaima kunja kwa chitseko atakumbatira chibotolocho, maso ali pa kageji kake koonetsa mpweya wotsala, mpaka kujambula kuthe. Sanajombe ngakhale mwezi umodzi. Alamu, banja lathu lakuonani, ndipo tikukuvulirani chipewa.

Pa 6 Meyi 2024 malemu anagonekedwa m'chipatala chomwecho. Ali chigonere, komiti inavomereza njira yawo, ndipo akuluakulu anasiya zochotsa makinawo. Sabata yomweyo mwana woyamba anajambulidwa, kamtsikana kodwaladwala chifuwa. Anzawo anathamanga nacho chithunzicho kuwodi, akuyembekeza misozi ya chimwemwe. Malemu anapempha magalasi awo, nachiyang'ana nthawi yaitali, kenako analoza pakona pamene sipankaoneka bwino n'kuwauza kuti mwanayo anagwedezeka, akabwereze. Misozi inabwera anzawo atatuluka. Mwana wawo wamkulu anali pomwepo, ndiye anatiuza.

Anatisiya pa 3 Juni 2024, amuna awo atawagwira dzanja, ali ndi zaka 57.

Malemu asiya amuna awo, ana atatu, zidzukulu zinayi, ndi ife abale awo asanu. Tikuthokoza madokotala ndi anamwino amene anawasamalira ngati mayi awo, achibale, anansi amene mwakhala nafe kuyambira tsiku loyamba, amayi amene mwatopa ndi kuphika, abambo amene mwakonza nyumba yawo yomaliza, ndi nonse amene mwasiya ntchito zanu kudzalira nafe. Tikuthokozanso abambo a kubutchala, amene kwa zaka zambiri ankasankhira malemu mapapo abwino osafunsa zambiri.

Mwina mwaona kuti anzawo a kuntchito abwera ochepa. Chonde musawaganizire zoipa. Malemu anasiya atalamula kuti pa tsiku la maliro awo chipinda chija chisatsekedwe, chifukwa ana adikira kale nthawi yokwanira. Tikunena pano, anzawo enawo ali pantchito, amayi akhala pabenchi la pakhonde ndi ana awo, ndipo makina akugogoda. Mtima ukutiwawa, koma sitingabise kuti tikunyadira.

Achemwali, pitani bwino. Mulungu akulandireni, ndipo mzimu wanu uuse mumtendere.