Chingwe cha Msodzi wa ku Lipingo

Pamzera wa mchere pa duka la ujamaa, sitolo ya mudzi wonse, ku Mbamba Bay, chaka chimene anthu anasamutsidwira m'midzi yatsopano molamulidwa ndi boma, mayi wina anacheukira msodzi wachikulire amene ankasisita chingwe cha mfundo zambirimbiri.

"Korona yanuyi ilibe mtanda, bambo?"

"Si korona, mayi, n'chingwe cha khoka. Tsiku lililonse ndikapeza chothokozera Mulungu, ndimamangapo mfundo."

"Nanga mukapanda kuchipeza?"

"Sindidya mpaka nditachipeza. Njala imatsegula maso."

"Iii! Ndiye kuti inu sanakusamutseni."

"Anatisamutsa kumene. Nyumba, mitengo ya mango, manda a mkazi wanga, zonse zinatsala ku Lipingo."

"Basi tsiku limenelo munagona ndi njala."

"Ndinatsala pang'ono. Mtima unali bii, Mulunguyo ndinkachita kumukalipira m'njira monse. Pocheuka, ndinaona mng'ono wanga Wilbard, amene tinatha zaka zisanu osalankhulana chifukwa cholimbirana bwato, akunditsatira atasenza chitseko changa."

"Anati chiyani?"

"Anangoti, 'Achimwene, tikachiike pati?' Tagwirani apa, mayi. Mfundo yaikuluyi ndi imeneyo."