Chala Chimodzi ndi Makina Amene Ndinkadana Nawo

Moni nonse abale ndi alongo mwa Ambuye. Ine ndine Tembo wa ku Kabwata, ndipo ndikufuna ndikuuzeni za chaka chimene dzanja langa lamanja linafa, ntchito nayo itatsala pang'ono kulitsatira.

Masiku a Chipani chimodzi ndinkayendetsa magetsi mu holo ina ya zisudzo m'tauni. Tebulo langa linali ndi zogwirira zambirimbiri, chilichonse cha nyale zake. Kuti kuche pa siteji manja onse awiri ankathamanga, nthawi zina ndi chigongono chomwe. Ndinkayenda monyada, chifukwa dzuwa la mu holo muja linkatuluka ine ndikafuna.

Kenaka kunabwera makina atsopano osunga kuwala m'mutu mwake. Ukakonza kuwala kwa gawo lililonse la sewero n'kusunga, tsiku la sewerolo umangodina batani limodzi. Ine ndinaona mdani wodzandilanda ntchito. Ndinawafunditsa nsalu, ndipo Lamlungu lililonse ndinkapempha kuti achite dzimbiri. Mkazi wanga Esinati ankangoseka, amvekere: "Imwe ba Tembo, Mulungu samvela mapemphelo ya nsanje."

Chakumayambiriro kwa mwezi wa ufulu, chitseko cha minibasi chinandiphwanya dzanja pa Cairo Road. Atachotsa bandeji, zala zinali gwa, chamkombaphala chokha ndicho chinkagwedera. Bwana wa holo sanapite m'mbali. Anati Loweruka kuli sewero la atsikana a sukulu ya ku Kabulonga, akuluakulu a Chipani adzakhala kutsogolo, ndipo ndikalephera adzafuna munthu wa manja awiri. Nyumba yathu inali ya ntchito, choncho kuchotsedwa kunali kutulutsa katundu ndi ana panja.

Ndinalira, abale. Ndinavundukula makina aja ngati munthu wokapempha mchere kwa mnansi amene anamutukwana dzulo. Ndinayamba kusunga, koma gawo lililonse ndinkaliyambira mumdima, nyale imodziimodzi ndi dzanja lamanzere. Lachinayi linakwana ndisanafike ndi pakati pomwe. Ndinagwada pansi pa tebulo n'kunena kuti: Ambuye, mapemphero a dzimbiri aja muwaiwale, ndithandizeni.

Podzuka ndinapeza a Saidi ataima pakhomo. Iwowa anali telala wachisilamu wosoka zovala za sewero, ndipo anakwera ku kachipinda kanga ka magetsi kudzaona ngati madiresi akuoneka bwino pa nyale. Anandipenyerera ndikuzimitsa zonse kuti ndiyambe gawo lina.

"Shani ba Tembo, mwazimya futi? Ine madilesi ya aba bana nimadula pa pepala imozi. Wamutali nawonjezela, wamufupi nachosako. Nanga m'mawa wa mu sewelo iyi si umozi?"

Ndinaseka mpaka misozi. Zoonadi mutu umodzi susenza denga! Ndinakonza m'mawa umodzi, masana amodzi ndi madzulo amodzi, n'kumakopera paliponse pofunika, kusintha nyale zochepa zokha. A Saidi anandibwereka manja awo mpaka nthawi yawo ya swala itakwana, atapemphera anabweranso. Lachisanu dzuwa lili pamutu zonse zinali m'makina.

Loweruka ndinaika chala chija pa batani. Mtsikana wosewera ngati mayi atatsegula chitseko, ndinadina, ndipo kunacha pang'onopang'ono, mosalala kuposa mmene manja anga awiri anachitirapo. Anthu anawomba m'manja mtsikanayo asanatsegule n'komwe pakamwa. Bwana sanatchulenso za munthu wa manja awiri, ndipo ana athu anakulira m'nyumba yomwe ija.

Ndikuthokoza Mulungu amene anakana pemphero langa la nsanje, nanditumizira telala m'malo mwa dzimbiri. Esinati amandikumbutsabe mpaka lero. Inu amene mukuwerenga zimene zakutayikani, limbani mtima, muyang'anenso zimene zatsala. Ine Ambuye anandisiyira chala chimodzi, ndipo batani lija linkafuna chimodzi basi.