Kuyera kwa Phiri Si Madzi

Mawu a Dokotala Ijja Ouzarif potsegulira nyumba yoyezera chipale chofewa ku Tamgunsi, m'mapiri a Atlas

Olemekezeka Bwanamkubwa wa chigawo chathu. Olemekezeka akuluakulu a ku yunivesite amene mwanyamuka ku Marrakech mbandakucha. A Dokotala Soumia Oubella, amene muziyang'anira nyumba ino, pamodzi ndi anzanu ofufuza. A Imamu a mzikiti wathu. Akuluakulu a bwalo la mudzi wa Tamgunsi. A Si Hammou, ogawa madzi a m'ngalande. Aphunzitsi ndi ana a sukulu. Amayi amene mwakhala mukutiphikira tiyi chilawirire. Abale ndi alongo nonse: mtendere ukhale nanu.

Mipando mwaika makumi asanu ndi atatu, ndawerenga, ndipo anthu tachuluka kuposa pamenepo. Inu amene mwakhala pamiyala mundipirire pang'ono. Mkulu wanga, Lalla Hadda, amene akhala kutsogoloku atadzikulunga m'bulangete lofiira, amati tsiku la maliro anga ndidzadzuka m'nsalu kuti ndiwerenge obwera, kenako ndidzagonenso. Sekani ndithu, sakunama.

Ndithokoze onse amene mwamanga nyumbayi: amene munapempha, amene munavomera, amene munapereka, ndiponso eni nyulu amene munakweza zitsulo ndi simenti kumene galimoto silifika. Alendo mwaona kale zimene zili muno. Kumtunda kuli sikelo yaikulu yogona pansi, imene chipale chikagwera imadziwa kulemera kwake. Pali chitsulo choyeza mphepo, china choyeza dzuwa, ndipo kumtsinje kuli chingwe choyeza madzi. Koma ana a sukulu akundiyang'ana ngati akufunsa kuti anthu akuluakulu angayeze bwanji chipale pasikelo ngati nyama ya pamsika. Ndiloleni ndiwayankhe ndi nkhani ya kwathu.

Ndinabadwira m'nyumba yachitatu kuchokera pamzikiti. Monga mukudziwa, kuno mwana wamkazi akabadwa amamubzalira mtengo wa gargaa, uja wobala mtedza wa chigoba cholimba, ndipo mtedza wake ndi wa mwanayo, amalowa nawo m'banja. Baba anabzala iwiri kumunda wathu wa kumtunda, wa Lalla Hadda poyamba, wanga pambuyo, motalikirana mokwanira kuti munthu ayale mphasa pakati.

Ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, chipale chinagwa mochedwa, koma chinayeretsa phiri lonse mpaka m'munsi. Akuluakulu anakwera padenga la mzikiti, monga ankachitira chaka chilichonse nyengo yozizira ikamatha, kuti aone phiri ndi kulamula kuti tibzale minda ingati. Atatsika anali kumwetulira. Anati bzalani yonse, mpaka ya kumtunda. Sanali anthu opusa ayi. Makolo awo ankachita chimodzimodzi, ndipo zaka zambiri diso linkalondola. Koma chipale cha chaka chimenecho chinali chopepuka ngati ufa. Mphepo youma itabwera, chambiri chinauma n'kupita m'mwamba monga imaumira nsalu yoyanika, osasungunuka n'komwe. Phiri linali loyera, koma madzi munalibemo.

Pofika mu Julaye ngalande inali ngati kamkuzi kakang'ono. Wogawa madzi ankakhala pamphambano ndi mbale yake ya mkuwa yoboola pansi, ikuyandama mu ndowa. Ikamira, gawo limodzi latha. Banja lathu linkalandira magawo atatu, koma chaka chimenecho linatsala limodzi. Baba anathirira chimanga, poti ndicho chakudya, ndipo mbale itatsala pang'ono kumira kunatsala madzi a mtengo umodzi wokha.

Baba anaima pakati pa mitengo iwiri ija, khasu lili m'manja. Anayang'ana uku, anayang'ana uko. Kenako anapatsa Lalla Hadda khasulo n'kutembenukira kuphiri, ngati kuli china chimene akufuna kuona.

Lalla Hadda sanachedwe. Anatseka njira ya kumtengo wawo ndi chigulumwa, n'kutsegula ya kwanga.

Ine ndinakuwa kuti, "Lalla, mwasokoneza! Wanu ndi uwo!"

Iwo anati, "Tatseka pakamwa, iwe kawerengi. Wanga ndi wamkulu, mizu yake inafika kale kumtsinje. Kako aka n'kofooka ngati mwini wake."

"Ndikanena kwa Baba!"

"Kanene. Si awo aima apowo? Sakumva lero."

Tsiku lathu la madzi likafika ankachita zomwezo, mpaka mvula ya m'dzinja. Mizu ya mtengo wawo sinafike kumtsinje. Chaka chotsatira sunaphuke. Lalla Hadda anakwatiwa opanda mtengo, ndipo apongozi awo, Mulungu awachitire chifundo, sankaiwala kuwakumbutsa nthawi yokolola mtedza. Ankati, "Mpongozi wathu anabwera ndi manja awiri basi, tiyeni timuthokoze kuti onse ndi ake." Lalla Hadda ankangoseka n'kupitiriza kukanda ufa wa buledi.

Ine ndinapita kusukulu, ndinapitirira mpaka ku yunivesite, ndipo funso limene ndinanyamula linali limodzi: munthu angadziwe bwanji mu Malichi madzi amene adzakhalepo mu Ogasiti? Yankho loyamba ndi limene ana inu mukulifuna. Mukazika paipi m'chipale n'kuizula yodzaza, kenako n'kuiyeza pasikelo, mupeza kuti paipi yomweyo, yodzaza chimodzimodzi, lero ilemera chonchi, tsiku lina ilemera kuwirikiza katatu. Kulemerako ndiwo madzi. Kuyera kuja n'chovala chabe.

Ndagwira ntchito imeneyi moyo wanga wonse, kukwera ndi paipi ndi sikelo pamsana pa nyulu, m'zigwa zambiri za mapiri ano. Ndinathera nyulu zinayi ndi bondo limodzi. Koma munthu amakwera kamodzi kapena kawiri m'nyengo yozizira, pamene mphepo imagwira ntchito tsiku lililonse. Ndikabwera kudzacheza, Lalla Hadda ankandifunsa akundithirira tiyi kuti, "Ndiye a Dokotala, chaka chino madzi afika liti?" Ine ndinkayamba kufotokoza kuti zimatengera mphepo, zimatengera dzuwa. Iwo ankati, "Zimatengera. Kukalamba konseku ukuphunzira, watibweretsera zimatengera? Imwa tiyi, wazizira."

Nyumba iyi ndiyo yankho lachiwiri, limene ine sindikanatha kulipereka ndi miyendo yanga. Sikelo ili kumtundayo sitsika, sitopa, ndipo imatumiza yokha uthenga muno. A Dokotala Soumia ndi anzawo amaphatikiza zimenezo ndi zithunzi zojambulidwa kuchokera m'mlengalenga komanso madzi odutsa kumtsinje. Ndikupempha chinthu chimodzi kwa inu ofufuza. Zimene mwapeza muzipita nazo kubwalo la mudzi anthu asanagule mbewu, m'chilankhulo chawo, musanazilembe m'mabuku a kunja. Ndipo mukalakwitsa, poti mudzalakwitsa, muzibweranso kudzanena. Inu a bwalo, musaleke kukwera padenga la mzikiti. Muzikwera, koma muzitenga ofufuza awa.

Tsopano, Olemekezeka, mundilole ndilankhule za m'nyumba mwathu pagulu. Ndapempha chilolezo kwa eni ake, ndipo andiuza kuti mudzi wonse ukudziwa kale.

Mtengo wanga uja ulipobe. Ine nditachoka ndinawauza Lalla Hadda kuti ndi wawo tsopano, koma mpaka lero amati ndi mtengo wa Ijja, ngakhale kuti authirira ndi iwo, ndipo mtedza wake walera ana awo asanu ndi mmodzi. Zaka zouma zapitazi nthambi za pamwamba zayamba kuuma. Kwabwera mmisiri wa matabwa wochokera ku Marrakech, akuufuna. Mwana wawo Bihi, amene amalima minda yathu tsopano, uyo waima pakhomo atagwira ketulo, wakhala akuwauza amayi ake kuti audule thabwa lake lisanawonongeke, madziwo apite ku mbatatesi.

Musamuyang'ane choncho. Bihi ali ndi ana a sukulu, ndipo amene wagwira khasu lero, monga analigwirira Baba, ndi iyeyo. Dzana, tikudya, anandiuza kuti, "Amayi aang'ono, inu mumaukonda mtengowu chifukwa mumauona patchuthi. Ine ndimauona ukumwa."

Lalla Hadda anati, "Nawenso umamwa, sitinakudule."

"Amayi, ukauma tidzautentha pamoto ngati nkhuni wamba."

"Ndiye tidikire chisikelo chawo cha paphiricho chilankhule. Chikati madzi safika, ndikupatsa ndekha nkhwangwa. Koma Ijja, ukanenanso zimatengera, usadzabwere kuno kudzamwa tiyi."

Bihi anavomera, anagwirana chanza ndi amayi ake, ine ndili mboni.

Zipangizo za m'nyumba muno zakhala zikuyesedwa nyengo yozizira yonseyi. Dzulo ndinakhala pansi ndi a Dokotala Soumia, anandionetsa zonse, ndipo ndinabwereza ndekha kuwerengera, poti ndi chibadwa changa. Tinagwirizana. Ndiye mverani, inu a bwalo, inu a Si Hammou, ndi inu Lalla.

Chaka chino si chabwino, komanso si choipitsitsa. Phiri likuoneka la mawangamawanga, ndipo ndikudziwa kuti ambiri mwakhala mukuliyang'ana ndi mantha. Koma chipale chimene chatsalira m'makwalala a kumpoto n'cholemera, chinagwa msanga ndipo chinatsendereka. Pa magawo atatu a madzi a chaka chabwino, paphiripo pali awiri. Mukabzala mbatatesi minda yonse, ngalande idzauma mu Julaye, ndipo mudzataya mbatatesi ndi mitengo yomwe. Mukasiya minda ya kumtunda kwenikweni osabzala, madzi adzafika kumapeto kwa Ogasiti, mbewu za m'munsi zidzakhwima, ndipo mitengo yonse ya m'chigwa muno idzamwa. Chigamulo n'cha bwalo, si changa.

Bihi, mwana wanga, ndikudziwa kuti m'munda wa kumtundawo unkayembekezera matumba ako a mbatatesi. Sindikuuza kuti sizipweteka. Koma amayi ako anapatsidwa khasu ali mwana, popanda wowauza kanthu, ndipo anasankha mumdima. Iwe usankha ukuona. Bwalo likavomera, umuuze mmisiri uja kuti chaka chino asavutike n'kukweranso kuno. Za chaka chamawa sindikudziwa. Udzabwere pakhomo pano mu Malichi, a Dokotala Soumia adzakuuza.

Lalla, mwamva? Sindinati zimatengera. Pukutani m'masomo, Bwanamkubwa akukuonani.

Olemekezeka, amayi ndi abambo, m'dzina la Mulungu, Mwini mvula ndi chipale, ndi mwaulemu waukulu ndikulengeza kuti nyumba yoyezera chipale ya Tamgunsi yatsegulidwa kuyambira lero. Ikhale ya ofufuza, ikhalenso ya aliyense amene adzaime m'munda ndi khasu m'manja.

Zikomo kwambiri.