Mapazi a Amake Naomi

Banja la a Whiteson Daka linali pakhonde Lachinayi m'mawa, tiyi ndi mbatata ya kandolo zili pamphasa, pamene bamboyo anatulutsa ndodo ziwiri za gofu zomwe bwana wawo wakale wa kufakitale anawasiyira. Anali ataitanidwa kuti Loweruka akasewere ku Lusaka ndi bambo wa mnyamata wofunsira mwana wawo Naomi, ndipo akazi awo a Beatrice anaona kuti maso a bamboyo akungobwerera pa njinga ya mayiyo yokatengera nsomba ku Chanyanya.

"Amake Naomi, pali mpata," anatero a Whiteson.

"Pati? Sendelani kuno, mpasa ni ukulu."

"Mpata wa ndodo, imwe! Iyi yachitsulo imafika mapazi 140. Iyi ya mutu ukulu imafika 200. Si ndimwe munabelenga kubwalo la bola?"

"Ndine. Bondo yanu inakana."

"Manje asebele akuti kuli kadzenje kali pa 170. Kutsogolo kwake madzi, kumbuyo mitengo. Nikamenya na iyi, mpila m'madzi. Nikamenya na iyi, m'mitengo."

"Menyani na ikulu, koma pang'ono chabe."

"Gofu saimenya monga muthamangitsa nkhuku."

"Ndiye sendelani pafupi mapazi 30."

"Sibavomeza!"

"Kusendela chabe? Nanga ni bwalo kapena ni khoti?"

A Whiteson anapumira m'mwamba. Anafotokoza kuti pali ndodo yapakati yotchedwa haibridi, ya mutu wonenepa koma yaifupi, ndipo Lighton wogulitsa zakale kumsika ali nayo imodzi.

"Ndalama safuna," anawonjeza motsitsa mawu. "Afuna chabe njinga."

A Beatrice anaika kapu pansi bwinobwino. Naomi anatola mbale n'kulowa m'nyumba.

"Iyo haibridi inganyamule dengu la nsomba?"

"Amake Naomi, ni ulemu wa banja uyu! Mufuna asebele akaone mpila wanga usambila?"

"Mpila udziba kusambila?"

"Umamila!"

"Ndiye sibazauona. Manyazi palibe."

Bamboyo anaimirira, ndodo yaikulu ili m'manja. "Ine namenya 200 pa msinkhu wanga uno. Munthu wamene amenya 200 sangapite na thumba lopelebela."

"Eya, 200 yeve inali," anavomereza a Beatrice. "Miyendo inanibaba. Uja mlatho uli kutali."

"Mlatho uti?"

"Wa pangalande. Mukamenya na ikulu, mpila umakhota monga khosi la nkhuku yodwala, umagwela kutsidya kwa ngalande. Ine na chitenge ningalumphe? Nimazungulila pamlatho."

A Whiteson anakhala pansi pang'onopang'ono.

"Mumabelenga pozungulila?"

"Munati, 'Belengani mapazi mpaka mufike pa mpila.' Simunati niuluke."

"Nanga iyi yachitsulo? Iyi imayenda molunjika. 140 ija ni yoona."

"Yoona. Koma Tinenenji anali kugulitsa tomato pa chipata, ndiye nikanamupitilila osamupatsa moni? Amake anali kudwala."

"Munabelenga na moni?"

"Moni ayi. Mapazi chabe. Kupita na kubwela."

"Mayo ine!" Bamboyo anagwira mutu. Kenaka anaukweza, chifukwa a Whiteson sanali munthu wogonja tiyi asanazizire. "Mpata ulipo ndithu. Lighton anauona papepala. Mawa nikabelenga nekha, bondo kapena ayi. Njinga isachoke."

"Nsomba za mawa nazo zisawole?"

A Whiteson anatola ndodo zawo n'kulowa m'nyumba.

M'mawa mwake a Beatrice anali kupopa tayala la njinga pamene amuna awo anatulukira pachipata akutsimphina. Buluku linali lonyowa mpaka m'maondo. Anali atadutsa m'ngalande mwenimwenimo.

"Mwapeza zingati, bashi Naomi?"

A Whiteson anatsamiritsa ndodo pakhoma, maso ali kunkhuku.

"Yachitsulo 90."

"Ikulu?"

"Nayo 90."

"Mpata uli pati?"

"Palibe."

"Ndiye Lighton?"

"Asunge ndodo yake." Anakhala pampando wa khonde n'kuyamba kufinya buluku. "Koma mawa, amake Naomi? Asebele azaniona bwanji na aja madzi?"

A Beatrice anamanga dengu ndi mphira, nakweza chitenge pang'ono, naika phazi pa pedulo. Anawayang'ana amuna awo mwachifundo chenicheni.

"Gonani bwino lelo, bashi Naomi. Mpila wanu siuzagwela m'madzi. Siuzafikako."